Mwapeza ntchito ya chiyanjano ku Perth? Yambani ndi malonje

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Perth, ku Western Australia. Akuti: "Ndagwira ntchito zaka 6 yokonza misonkhano ndi maphunziro m'mabungwe omwe si aboma ku Lilongwe. Kuno ndalembedwa ntchito ku bungwe laling'ono lolimbikitsa chiyanjano pakati pa Aaborijini, omwe ndi eni nthaka a dziko lino, ndi anthu ena onse, ndipo andipatsa udindo woyendetsa miyambo ndi mapulojekiti. Za bajeti ndi malipoti ndimazidziwa. Chomwe ndikuopa ndi kuponda posapondedwa. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mwachita bwino kuchita mantha. Anthu omwe ndawaona akupunthwa pa ntchito imeneyi ambiri anali akatswiri ndithu, kungoti ankafika ndondomeko atailemba kale mu laputopu, n'kumangosaka mkulu wachiaborijini woti amulowetse pa mzere wachiwiri, pakati pa mawu otsegulira ndi tiyi.

Luso lanu silipita pachabe. Kutolera makoteshoni, kusunga malisiti, kuonetsetsa kuti zokuzira mawu zayesedwa anthu asanakhale pansi, zonsezo zikufunika kuno monga zinkafunikira m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Chomwe chasintha ndi umwini. Kwathu kuja mwambo unkakhala wa bungwe lanu: tsiku munkasankha ndinu, oitana ndinu, ngakhale mlendo wolemekezeka munkamupimira mphindi. Kuno bungwe lanu likhoza kulipira holo, kusindikiza zinsalu ndi kugula chakudya, koma nkhani yomwe anthu asonkhanira ndi ya eni nthaka. Ana omwe analandidwa ndi awo, manda ndi awo, malo omwe holoyo yamangidwapo ndi awo. Inu mwalembedwa ntchito yoyala mphasa.

Tengani kalendala kaye, chifukwa chaka chanu chizizungulira masiku owerengeka. Pa 26 Meyi ndi National Sorry Day, tsiku lokumbukira ana omwe boma ndi mamishoni ankawachotsa m'manja mwa makolo awo. Linayamba mu 1998, patatha chaka lipoti la Bringing Them Home litaperekedwa ku nyumba ya malamulo. Mawa lake imayamba National Reconciliation Week, kuchokera pa 27 Meyi mpaka pa 3 Juni. Masiku awiriwa sanangotoledwa. Pa 27 Meyi 1967 kunali riferendamu imene anthu oposa 90 pa 100 aliwonse anavomera kuti Aaborijini aziwerengedwa nawo pa chiwerengero cha anthu a m'dziko, ndiponso kuti boma lalikulu la ku Canberra lizitha kupanga malamulo owakhudza. Pa 3 Juni 1992 khoti lalikulu linagamula mlandu wa Eddie Mabo, wa pa chilumba cha Mer, n'kugwetsa bodza lakuti azungu anapeza dziko lopanda mwini. Mabo mwiniwake sanaone chigamulocho, anamwalira mu Januwale chaka chomwecho. Kenako mu Julayi, kuyambira Lamlungu loyamba, kumabwera NAIDOC Week.

Masabata awiriwa musawaphike mumphika umodzi. Reconciliation Week kwenikweni ndi homuweki ya anthu omwe si Aaborijini, ndipo ndi pomwe bungwe lanu limakhala patsogolo. NAIDOC ndi chikondwerero cha Aaborijini ndi anthu a ku zilumba za Torres Strait eni ake. Kumeneko mumapita ngati woitanidwa, mukanyamule mipando ngati akupemphani. Sorry Day si tsiku la mabaluni ndi keke. Ndipo 26 Januwale, lomwe boma limati Australia Day, ambiri mwa omwe muzigwira nawo ntchito amalitcha Invasion Day (tsiku lolandidwa dziko) kapena Survival Day (tsiku la kupulumuka), choncho musaikepo chisangalalo chilichonse musanafunse.

Kalendala yomweyi ili ndi misampha ya muofesi. Akulu oyenera kutsegula miyambo ndi ochepa, ndipo sabata ya Meyi ija sukulu iliyonse, khonsolo iliyonse ndi kampani iliyonse imawafuna m'mawa womwewo. Mukadikira Epulo mupeza onse atengedwa. A Noongar, eni nthaka a chigawo chomwe muli Perth, amagawa chaka m'nyengo 6, ndipo Juni amalowa mu Makuru, nyengo ya mvula ndi kuzizira. Mwambo wa panja wopanda tenti ndi zotenthetsera ndi nkhanza kwa agogo omwe mwawaitana. Komanso chaka cha zachuma ku Australia chimatha pa 30 Juni. Ndiye kuti malisiti a Reconciliation Week muziwatseka mothamanga, pomwe NAIDOC imagwa m'chaka chatsopano ndalama zina zisanalowe. Kambiranani ndi akauntanti wanu nkhani imeneyi kukadali Febuluwale.

Tsopano za malonje, pomwe pagona ntchito yonse. Perth eni ake amati Boorloo, mtsinje wa Swan amati Derbarl Yerrigan, ndipo ndi dziko la a Whadjuk, limodzi mwa magulu 14 a mtundu wa Noongar. Azungu asanafike, m'dziko lonse la Australia munali zilankhulo zoposa 250. Munthu wa ku Kimberley kapena wa mtundu wa Yamatji wa ku Geraldton ndi mbadwa ndithu, koma ku Perth nayenso ali kwa eni. N'chifukwa chake pali miyambo iwiri yomwe alendo amaisokoneza. Welcome to Country ndi kulandira alendo, ndipo amachita ndi mwini dera yekha, mkulu wa Whadjuk amene anthu ake amamuvomereza. Acknowledgement of Country ndi mawu omwe wina aliyense, ngakhale inu, anganene povomereza kuti wasonkhana pa nthaka ya eni. Ife sitivutika kumvetsa zimenezi. Mlendo amati odi n'kupereka malonje, mwini khomo ndiye amati lowani, fikani. Mlendo sangadzilandire yekha, ndipo wogwira ntchito mnzanu wachiaborijini wochokera dera lina musamuumirize kuti alandire anthu pa dziko losakhala lake chabe chifukwa muofesi ndi yekhayo.

Koma chenjerani, kufanana kwake kuli ndi malire. Musayende mukufunsa kuti amfumu awo ndani. Kulibe nyakwawa, gulupu ndi T/A oti mukaonana ndi mmodzi ndiye kuti mudzi wonse wamva. Ulamuliro uli m'mabanja ndi mwa akulu, ndipo pali nkhani za amuna okha ndi za amayi okha. Pali mabungwe omwe mungayambirepo: South West Aboriginal Land and Sea Council, komanso mabungwe 6 a m'madera omwe anakhazikitsidwa potsatira mgwirizano waukulu wa malo pakati pa a Noongar ndi boma la Western Australia, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021. Limodzi mwa iwo ndi la a Whadjuk. Komabe mabanja sagwirizana pa zonse, monga momwe zilili kulikonse komwe kuli anthu ndi malo. Wina akakuuzani kuti uje sayenera kuyankhulira dera lino, musalowerere ndipo musakhale nkhoswe. Tengerani nkhaniyo kwa Aaborijini omwe ali mu bodi kapena mu komiti ya alangizi ya bungwe lanu, iwo ndiwo akuuzeni njira. Ngati bungwe lanu lilibe komiti yoteroyo, pulojekiti yanu yoyamba ndi imeneyo.

Ulendo wanga woyamba kwa mayi wina wachikulire ndinanyamula fayilo yokhala ndi ndondomeko, mapu a holo ndi fomu yoti asainire. Anailandira n'kuiika pamwamba pa firiji. Anatereka ketulo, n'kundifunsa kwathu, kwawo kwa mayi anga, mtsinje womwe ndinkasamba ndili mwana, ndi chomwe chinandibweretsa kuno. Anandionetsa zithunzi za adzukulu, anadandaula za bondo. Panatha maola awiri, ine mtima uli m'mwamba poganiza za maimelo omwe akundidikira. Za mwambo tinakamba titaimirira pakhomo, mphindi zosakwana khumi, ndipo m'mphindi zimenezo anasintha malo, nthawi ndi woyankhula woyamba. Zonse zitatu anali kunena zoona. Kucheza kotereku iwo amati yarning, ndipo muziwerengere ngati ntchito, muziike m'ndondomeko ya pulojekiti ndi mafuta ake a galimoto. Abwana akafunsa kuti tsiku lonse munali kuti, yankhani mosachita manyazi.

Mudzamva anthu akuitana akulu kuti Aunty kapena Uncle. Ndi ulemu wofanana ndi azakhali ndi amalume athu, koma dikirani kuti mwiniwake akuloleni, ndipo mufunseni momwe akufunira kuti dzina lake ndi mtundu wake zilembedwe pa ndondomeko. Ngakhale mawu oti Noongar amalembedwa mosiyanasiyana, ena Nyungar, ena Nyoongar. Safunsa anadya phula.

Za ndalama ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe mabungwe okamba bwino amagwidwira. Mkulu amene walandira alendo, wovina, woimba, wofotokoza mbiri ya banja lake, ndi aliyense amene mwamuitana kudzakupatsani maganizo, ayenera kulipidwa ngati katswiri. Ife tinazolowera kuti ya mayendedwe ndi fanta zakwanira kwa anthu a m'mudzi, pomwe konsotanti wochokera m'tauni amalandira za tsiku. Maganizo amenewo asiyeni pa bwalo la ndege. Funsani mtengo poyambirira, musanenerere ngati muli pa msika wa kaunjika, ndipo muonjezere galimoto yokawatenga ndi malo oimikapo galimoto pafupi ndi khomo.

Vuto lalikulu silikhala kuchuluka kwa ndalama, limakhala kuchedwa. Dongosolo la muofesi limafuna invoisi ndi nambala ya bizinesi ya ABN, ndipo limalipira pakatha masiku 30. Agogo ambiri alibe ABN. Lamulo la msonkho limati wopanda nambalayo umudule 47 pa 100 pa malipiro opitirira madola 75, pokhapokha ngati wasainira fomu ya ATO, bungwe lotolera msonkho, yotchedwa Statement by a supplier, ngati ikumuyenera. Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Bungwe lina lomwe ndinkagwirako linasunga ndalama za bambo wina wachikulire masabata 6 chifukwa cha fomu imodzi yomwe palibe anamuuza, pomwe kampani ya zokuzira mawu inalipidwa sabata yomweyo. Sanakalipe. Chaka chotsatira ndinamuimbira, anangoti ali ndi zochita zina, ndipo abale ake onse nawonso anapezeka kuti ali ndi zochita zina. Choncho mafomu atheretu mwambo usanachitike, ndalama zilowe tsiku lomwelo kapena sabata yomweyo. Amene amalandira penshoni ya boma kudzera ku ofesi ya Centrelink muwakumbutse mwaulemu kuti afunse ngati malipirowo angakhudze zomwe amalandira, asadzadzidzimuke.

Bajeti yotsalayo nayo imalankhula. Chakudya, zithunzi, zojambula, kusindikiza, mphatso, zonsezi kuli mabizinesi a Aaborijini omwe amachita, ndipo bungwe la Supply Nation limasunga kaundula wawo. Samalani ndi makampani ongoika munthu wachiaborijini pa chikalata pomwe phindu ndi ulamuliro zili kwina. Kuno amati black cladding. Chojambula cha munthu mukachigula kuti chikhale pa chinsalu cha chaka chino, sindiye kuti mwagula ufulu wochiika pa matisheti ndi makapu mpaka kalekale. Lembani pangano lonena kuti chigwiritsidwa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo dzina la wojambula lizioneka. Mbendera ya Aaborijini, yomwe anajambula Harold Thomas mu 1971, boma linagula umwini wake mu 2022, koma ya Torres Strait, ya Bernard Namok, mukafuna kuisindikiza mumapempha ku khonsolo ya ku zilumbako. Popachika kumbukirani kuti chakuda chimakhala pamwamba, monga pa mbendera ya kwathu. Ndinaonapo itapachikidwa chadodolido pamaso pa akulu, ndipo palibe amene anamva zomwe woyankhula ananena.

Kenako pali maliro, omwe iwo amati Sorry Business. Apa inu muli ndi mwayi kuposa anzanu achizungu, chifukwa mukudziwa kuti kukagwa zovuta khasu limagona, msonkhano umaima, ndipo palibe amafunsa kuti malemuyo anali m'bale wako motani. Kwa Aaborijini n'chimodzimodzi, ndipo maliro amachuluka chifukwa anthu awo amafa msanga kuposa anthu ena m'dzikoli. Mkulu akhoza kukuimbirani usiku woti mawa ndi mwambo kuti sabwera, kapena osaimba n'komwe. Musatumize uthenga wokumbutsa za pangano. Pepesani, funsani ngati pali chomwe bungwe lingathandize, ndipo konzekeranitu: mugwirizane naye poyamba pomwe kuti zitavuta angatumize ndani, pangano la holo likhale lolola kusintha tsiku, ndipo opereka ndalama muwauze m'kalata yopempha thandizo kuti masiku akhoza kusuntha pa chifukwa chimenechi. Akauzidwa kale savuta. M'madera ena dzina ndi chithunzi cha womwalira sizitchulidwa kapena kuonetsedwa kwa kanthawi, n'chifukwa chake mumaona chenjezo kumayambiriro kwa mafilimu ndi mabuku. Musanaike vidiyo ya chaka chatha pa sikirini kapena pa Facebook, fufuzani ngati onse omwe alimo akadali moyo, ndipo ngati wina anatisiya funsani banja.

Zina ndi za ntchito wamba, mungozidziwa. Mwambo wa utsi, womwe amafukiza masamba poyeretsa malo ndi anthu, umafuna kuti mukambirane ndi eni holo za ma alamu a moto, ndipo m'chilimwe pamakhala masiku omwe boma limaletseratu kuyatsa moto panja. Khonsolo idzafuna chilolezo ndi inshuwalansi. Ogwira ntchito ndi ana amafunika chikalata chotsimikizira mbiri yawo chotchedwa Working with Children Check. Akulu adye poyamba, akhale pomwe pali mthunzi ndi chimbudzi pafupi. Uthenga woitanira anthu upitenso ku Noongar Radio ndi pakamwa, osangoti pa imelo. Ndipo pa ndondomeko musalembe kuti Welcome to Country ndi mphindi zitatu. Siyani mpata. Ngati pali woti afupikitse mawu, akhale bwana wa kampani.

Mbali yolemera ndi miyambo yofotokoza zoona za mbiri. Muidziwe mbiri ya malo omwe mwaimapo. Lamulo la Aborigines Act la 1905 linapatsa mkulu wa boma wotchedwa Chief Protector ulamuliro pa ana a Aaborijini kuposa makolo awo, ndipo ana ambiri anatengeredwa ku malo ngati Moore River, kumpoto kwa Perth, ndi ku Sister Kate's mumzinda momwemo. Kuyambira 1927 mpaka 1954 Aaborijini sankaloledwa kulowa pakati pa mzinda wa Perth opanda chiphaso. Ndiye kuti holo yokongola yomwe mwabwereka ikhoza kukhala pa msewu womwe mayi ake a mlendo wanu ankathamangitsidwapo. Chilumba cha Rottnest, komwe anzanu a kuntchito amapita kukajambulitsa ndi tinyama ta quokka, eni ake amati Wadjemup. Kuyambira 1838 mpaka 1931 kunatsekeredwa amuna ndi anyamata achiaborijini pafupifupi 4,000, ndipo osachepera 373 anaikidwa komweko m'manda opanda zizindikiro. Nyumba ya ndendeyo inkagonamo alendo okaona malo mpaka 2018. Musakonze ulendo wa ogwira ntchito wokapuma kumeneko ngati kuti ndi ku Cape Maclear.

Munthu akavomera kufotokoza momwe anachotsedwera kwa mayi ake, akutsegula bala kuti ena aphunzire. Mufunseni chomwe akufuna kunena ndi chomwe sakufuna kufunsidwa. Akhale ndi m'bale pambali pake, pakhale chipinda chabata ndi mlangizi wa zamaganizo, makamaka wachiaborijini, ndipo nambala ya foni yothandiza osweka mtima ya 13YARN, yomwe amayankha ndi Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait usana ndi usiku, ilembedwe pa ndondomeko. Mafunso a omvera azidutsa kwa wotsogolera mwambo, chifukwa pagulu sipalephera wina wofunsa kuti "nanga si zinali zowathandiza?" Kujambula mawu kapena vidiyo kukhale kwa chilolezo cholembedwa, chonena komwe zidzasungidwe, ndipo mwini nkhani akhale ndi ufulu wodzati chotsani. Mawa lake muimbireni foni. Ambiri amaiwala zimenezi: omvera amapita kwawo atakhudzidwa mtima, wofotokoza uja amapita kukagona ndi zomwe wadzutsa.

Pa 13 Febuluwale 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo kwa ana olandidwa aja. Linali tsiku lalikulu, koma akulu ambiri adzakuuzani zomwe ife timati pepani sapoletsa chilonda. Apa ndi pomwe mapulojekiti amasiyanirana ndi miyambo, ndipo ndikupemphani kuti musalole ntchito yanu kusanduka ya tiyi wa m'mawa basi. Pa 28 Meyi 2000 anthu pafupifupi 250,000 anawoloka mlatho wa Sydney Harbour poonetsa kuti akufuna chiyanjano. Pa 14 Okutobala 2023 dziko lomwelo linakana, ndi mavoti pafupifupi 60 pa 100 aliwonse komanso m'zigawo zonse 6, ganizo loti Aaborijini akhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo lotchedwa Voice. Atsogoleri awo ambiri anakhala chete sabata yathunthu ngati ali pa maliro. Khamu la pa mwambo silikuuzani zambiri. Mu lipoti lembani chiwerengero cha obwera, poti opereka ndalama amachifuna, koma muzilembanso zomwe zimaluma: ndalama zingati za bajeti zinapita m'manja mwa Aaborijini, ndi ziganizo ziti zomwe komiti ya akulu inasintha, sukulu kapena kampani yomwe inabwera chaka chatha yachitapo chiyani kuchokera pamenepo, ndipo akulu omwe munagwira nawo avomeranso kubwera kapena ayi. Funso lomalizali silinama.

Mudzakumana kwambiri ndi chikalata chotchedwa Reconciliation Action Plan, mwachidule RAP. Ndi dongosolo lomwe bungwe la Reconciliation Australia linayambitsa mu 2006, loti makampani, masukulu a ukachenjede ndi makhonsolo azilemba malonjezo awo pa ntchito, pa kugula katundu ndi pa ubale ndi eni nthaka. Lili ndi masitepe anayi: Reflect, Innovate, Stretch ndi Elevate. Ndi chida chabwino chogwirira anthu pa mawu awo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa 24 Meyi 2020, kutatsala masiku atatu kuti Reconciliation Week iyambe, kampani ya migodi ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga a Juukan Gorge ku Pilbara, malo a anthu a Puutu Kunti Kurrama ndi Pinikura omwe anali ndi umboni wakuti anthu anakhalamo zaka 46,000 zapitazo. Kampaniyo inali ndi RAP ya sitepe yapamwamba, ndipo inali ndi chilolezo cha boma. Reconciliation Australia inaichotsa m'dongosololi, ndipo mkulu wa kampaniyo pambuyo pake anatula pansi udindo. Ku Western Australia ndalama zambiri zothandizira miyambo zimachokera ku migodi, ndiye nkhaniyi ikukhudzani. Bungwe lanu likhale ndi mfundo yolembedwa yonena ndalama zomwe lingalandire, amene amavomereza, ndi chomwe lingachite wothandizayo akalakwira eni nthaka. Pangano lililonse likhale ndi khomo lotulukira. Ndipo wopereka ndalama asagule mpando wa kutsogolo kapena mphindi zoyankhula kuposa akulu.

Poyambitsa pulojekiti, funso loyamba ndi lakuti anaipempha ndani. Ngati ganizo linabadwira muofesi, n'kupita kwa anthu litavala kale nsapato, kumeneko si kupangira limodzi ngakhale mutalemba choncho mu lipoti. Mgwirizano wa Closing the Gap wa 2020, womwe maboma anasainirana ndi mabungwe a Aaborijini, umanena za kugawana mphamvu zopanga ziganizo ndi kulimbikitsa mabungwe oyendetsedwa ndi eni ake. Nthawi zina pulojekiti yabwino ndi yoti inu mulembe kalata yopempha ndalama ku Lotterywest, bungwe la boma la lotale lomwe limathandiza mabungwe, kapena ku khonsolo, musenze za malipoti, koma chiwongolero chikhale kwa bungwe la Aaborijini, dzina lanu lili m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono. Abwana ena sizimawasangalatsa. Akumbutseni zomwe bungwe linalembetsa kuti limachita.

Samalaninso anzanu achiaborijini a muofesi. Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait sakwana 4 pa 100 aliwonse m'dzikoli, ndiye munthu mmodzi amapezeka kuti ndi iye womasulira, wolangiza, wokhala m'komiti iliyonse, wotonthoza azungu omwe akhumudwa ndi mbiri, kuonjezera pa ntchito yomwe analembedwera. Zomwe mungathe kuwerenga nokha werengani. Chiyambire riferendamu ya Voice ija mawu achipongwe achuluka, ngakhale onyoza Welcome to Country pa miyambo, choncho ndemanga za pa Facebook muziyang'anira ndinu, osati iye, ndipo pa mwambo pakhale munthu wodziwika woti atulutse wosokoneza mwakachetechete.

Pali china chomwe ndikuuzeni ngati m'bale. Mudzafuna kunena kuti ifenso tinalamulidwa ndi atsamunda, tikudziwa ululu wake. N'zoona, ndipo pocheza pa tiyi zimatsegula mitima. Akulu ambiri amakonda kumva za kwathu, za maliro athu, za momwe timawerengera ubale. Koma musakwere nazo pa nsanja. Atsamunda athu ananyamuka mu 1964, tinatsala ndi dziko, chilankhulo ndi mafumu athu. Kuno obwerawo anakhazikika n'kukhala ochuluka, ndipo ife omwe tafika ndi ndege ndi viza tikudya nawo za pa nthaka yomweyo. Khungu lakuda silikupatsani mpando wa eni. Mukanena Acknowledgement of Country, musangowerenga mawu a pa khadi omwe aliyense amaloweza. Tchulani a Whadjuk Noongar molondola, mutaphunzira katchulidwe kake, nenani kwanu ndi chomwe mwadzera, monga mumachitira popereka malonje.

Mwezi woyamba musakonze mwambo uliwonse watsopano. Pemphani mafayilo a zaka zitatu zapitazi, muone omwe anaitanidwa, omwe analipidwa ndi tsiku lomwe ndalama zinalowa, ndi omwe anasiya kubwera. Pemphani wa mu bodi wachiaborijini kuti akuperekezeni kwa akulu awiri kapena atatu, mupite ndi mabisiketi, fayilo muisiye m'galimoto. Mukalakwitsa, poti mudzalakwitsa ndithu, pitani nokha mukapepese pamaso, musatumize imelo. Bambo uja wa masabata 6 ndinapita kwawo kawiri osamupeza. Ulendo wachitatu ndinamupeza akukonza galimoto, anandipatsa sipanala kuti ndimugwirire, ndipo za Meyi tinakamba bonati ili chitsegulire.